Kusankha mouthpiece ya manotsi apamwamba pa lipenga la jazi

M'bandi yaikulu ya jazi, oliza malipenga amakhala mzere wakumbuyo kwenikweni, anayi kapena asanu. Kutsogolo kwawo kuli matromboni, kutsogolo kwa matromboni kuli masakisofoni, cha pambalipa ng'oma, besi ndi piyano zili kalikiliki. Mmodzi mwa oliza malipengawo ali ndi udindo woti mawu ake akhale pamwamba pa gulu lonse ndi kumveka mpaka kukhomo la holo, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yotsekera. Ameneyu ndi amene oimba amamutcha lead. Iye akakwera bwino, bandi yonse imawala. Akatopa pakati pa dansi, aliyense m'holomo amadziwa, ngakhale amene sanagwirepo lipenga chibadwire.

N'chifukwa chake wophunzira akamva mmene Maynard Ferguson kapena Cat Anderson ankakwerera, funso loyamba kutuluka pakamwa pake limakhala lakuti: kodi ankaliza ndi mouthpiece yanji? Funsoli si lopanda nzeru. Kachitsulo kapakamwa kameneka kamasinthadi zinthu. Koma kamasintha zina osati zimene ambiri amayembekezera, ndipo amene sanamvetse izi amatha ndalama zambiri, ena mpaka kuvulaza milomo.

Noti yapamwamba imachokera kuti?

Lipenga palokha lilibe mawu. Ndi paipi yamkuwa yotalika pafupifupi mita ndi theka, yopindidwapindidwa kuti igwirike m'manja. Mawu amayambira pamilomo ya munthu. Mpweya ukamadutsa pakati pa milomo iwiri, milomoyo imatseguka ndi kutsekeka mofulumira kwambiri, ndipo liwiro la kutseguka ndi kutsekekako ndilo limanena kuti noti ikhala yotsika kapena yokwera.

Taonani manambala ake pa lipenga la B-flat, limene pafupifupi aliyense m'jazi amaliza. Pa C wapansi, milomo imanjenjemera maulendo pafupifupi 233 pa sekondi imodzi. Pa C wapakati, 466. Pa C wapamwamba, uja amalembedwa pamwamba pa mizere isanu ndi timizere tiwiri towonjezera, 932. Ndiye pali C wina pamwamba pa ameneyo, amene oimba amamutcha double C, ndipo kuti amveke milomo iyenera kunjenjemera maulendo opitirira 1,860 pa sekondi. Kanyama kofewa ka pamlomo, kamene timamwera nako tiyi, ndi kamene kakuchita zimenezi.

Kuti zitheke pamafunika zinthu zitatu kugwirira ntchito limodzi: mpweya wothamanga wokankhidwa kuchokera m'mimba, lilime lokwera m'kamwa ngati mukunena kuti "iii", ndi minofu ya m'mbali mwa milomo yogwira zolimba pamene pakati pa milomo pali pomasuka. Zonsezi zimamangidwa ndi zaka za kuyeserera. Palibe mouthpiece imene ingakupatseni noti imene thupi lanu silinaiphunzire. Chimene mouthpiece yoyenera imachita ndi kutenga manotsi amene muli nawo kale, aja mumawafikira mwa apo ndi apo ndi mawu ang'onoang'ono, n'kuwapatsa mphamvu, kuthwa, ndi kukuthandizani kuwabwereza usiku wonse osakomoka milomo. Pa ntchito ya lead, zimenezi n'zazikulu kuposa kuwonjezera noti imodzi pamwamba.

Ziwalo zake

Itengeni m'manja muiyang'ane. Pamene pamakhudza milomo pali mkombero. Mkati mwa mkombero muli kapu. Pansi pa kapu pali kabowo kakang'ono, khosi. Kuseri kwa khosi njira ya mpweya imayambanso kutakasuka pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ndipo njira imeneyi amaitcha backbore. Kunja kwake ndi mwendo umene umalowa m'lipenga. Chilichonse mwa izi chikasintha ndi kagawo kakang'ono chabe ka milimita, woliza amamva kusiyana.

Kapu: pamene pagona nkhani

Mouthpiece zambiri za lead zimadziwika ndi kapu yosazama. Kuti mumvetse chifukwa chake, kumbukirani zimene ana amachita ndi botolo la zakumwa. Akauzira pakamwa pa botolo lopanda kanthu, limalira mawu aakulu otsika. Akathiramo madzi mpaka theka, mawu aja amakwera, chifukwa malo a mpweya achepa. Kapu ndi khosi la mouthpiece zimachita chimodzimodzi: zili ndi noti yakeyake. Mungathe kuimva. Chotsani mouthpiece m'lipenga, muimenye pang'ono ndi chikhatho pamkombero, mumva kuti "pho". Chitani zomwezo ndi ina ya kapu yosazama, mumva "pho" wokwererapo.

Noti yobisika imeneyi ndi imene imasankha mbali ya mawu a lipenga imene ilimbikitsidwe. Kapu yakuya imakometsa mawu apansi ndi apakati, n'kuwapatsa kunenepa ndi kufunda. Kapu yosazama imakankhira thandizo lake kumwamba, choncho manotsi okwera amakhazikika mosavuta ndipo mawu amatuluka akuthwa, olasa, otha kuboola phokoso la anthu khumi ndi asanu ndi ng'oma zomwe. Amene waima pafupi akhoza kuona ngati mawuwo ndi owonda, koma amene wakhala kumbuyo kwa holo amawamva bwinobwino.

Palinso phindu lina limene oliza ambiri amalimva m'thupi. Kapu yaing'ono imabweza mpweya, imakhala ngati ikukukanizani pang'ono, ndipo kukanizako kumachirikiza milomo kuti isatsegukiretu. Munthu amatha kutsamira pa kukanizako m'malo modalira minofu yokha.

Koma chilichonse chili ndi mtengo wake. Manotsi apansi amauma, nthawi zina amalira ngati akutuluka m'mphuno. Kuliza motsitsa mawu m'nyimbo yodekha kumavutirapo. Ndipo pali vuto limodzi limene limagwetsa ulesi anthu ambiri: milomo kugunda pansi pa kapu. Anthu tinalengedwa mosiyana. Ena akamaliza, milomo yawo imakhala chafulati kuseri kwa mkombero. Ena milomo imalowa ndithu mkati mwa kapu, makamaka akatopa ndipo yayamba kutupa. Munthu wotere akatenga kapu yosazama kwambiri, mlomo umakhudza chitsulo, kunjenjemera kumaima, ndipo mawu amangoti zii pakati pa noti. Mumauzira, koma chotuluka ndi mphepo yokha.

Zikakuchitikirani izi musaganize kuti ntchito ya lead si yanu. Nthawi zambiri chofunika ndi kapu yozamirapo pang'ono, kapena ya kaumbidwe kena. Makapu awiri akhoza kukhala ozama mofanana koma osiyana mmene khoma lake limatsetserekera kuchokera pamkombero. Ina imayamba yatsika chindunji kenako n'kupanga pansi pafulati, motero imasiyira milomo malo. Ina imapendekeka nthawi yomweyo kulunjika kukhosi ngati chilembo cha V. Ine ndimaona kuti kaumbidwe aka n'kofunika kuposa kuzama kumene kumalembedwa pa katoni, ndipo n'komwe ogula ambiri sakuyang'ana n'komwe.

Tisaiwalenso nkhani ina imene imamveka kawirikawiri, yakuti anthu a milomo yochindikala sangalize mouthpiece yaing'ono. Si zoona. Chofunika si kukula kwa mlomo pamaso, koma kuchuluka kwa mlomo umene umalowa m'kapu pamene munthu akuliza. Oliza ambiri a milomo yaikulu akhala akukwera bwino kwambiri pa timakapu ting'onoting'ono.

Mkombero

Pa mkombero pali zinthu zitatu: kukula kwa bwalo lamkati, kutambalala kwa pamene pamagona milomo, ndi kuthwa kwa m'mphepete mwamkati.

Bwalo laling'ono limatanthauza kuti gawo la mlomo lonjenjemera ndi lochepa, ndipo kwa ambiri izi zimachedwetsa kutopa. Bwalo lalikulu limapereka mawu aakulu ndi ufulu wosintha kamvekedwe, koma limadya mphamvu. Mkombero wotambalala ndi wafulati umagawa kulemera kwa lipenga pa malo aakulu, choncho suluma, koma umagwira milomo moti kudumpha kuchoka pa noti ina kupita pa ina yakutali kumalemera. Woonda umamasula milomo koma umacheka ngati mwini wake ali ndi chizolowezi chokanikiza. M'mphepete mwakuthwa mumathandiza kuti noti iyambe mwaukhondo lilime likangoimenya; mobulungira ndi mofewa pamlomo koma chiyambi cha noti chimatha kuterera.

Malangizo anga apa ndi amodzi: mkombero ndi chinthu chomaliza kusintha. Minofu ya milomo yanu inazolowera bwalo limene mwakhala nalo zaka zonsezi, imadziwa pokhala. Ngati mumaliza bwino pa bwalo limenelo, yambani mwafuna kapu yosazama ya bwalo lomwelo kapena loyandikana nalo. Kusintha bwalo ndi kapu nthawi imodzi kumasokoneza, ndipo zinthu zikavuta simudziwa kuti cholakwa n'chiti.

Khosi ndi backbore

Kukula kwa khosi amakuyeza ndi nambala ya chitsulo chimene anaboolera, ndipo nambala ikamakwera bowo limachepa. Mouthpiece zambiri za Bach zimabwera ndi khosi la nambala 27, limene ndi mamilimita pafupifupi 3.66. Khosi lothina limawonjezera kukaniza ndi kuthwa kwa mawu, koma likathinitsitsa limatsamwitsa lipenga ndipo manotsi apamwamba amatsikirako pansi pa pamene ayenera kukhala. Lotakasuka limalola mpweya wambiri ndi mawu aakulu, koma limatopetsa amene alibe chifuwa chake.

Backbore imachita zofananako. Yothina imasonkhanitsa mawu n'kuwaponya kutsogolo, yotakasuka imawamwaza mokoma. Chofunika kudziwa n'chakuti kukaniza kwa kapu, khosi, backbore ndi lipenga lenilenilo kumaphatikizana. Mouthpiece yothina paliponse ikaikidwa pa lipenga lothinanso, woliza amamva mpweya ukubwerera, khosi lake likutupa, mutu ukuzungulira. Mouthpiece yomweyo pa lipenga lomasuka ikhoza kukhala yabwino zedi. Ichi n'chifukwa china chimene mouthpiece yokomera mnzanu ingakukanikeni inu.

Makampani ena, monga Warburton wa ku Florida, amapanga mouthpiece zoduka pawiri: kapu payokha, backbore payokha, zolumikiza ndi mazinga. Kwa munthu amene akufufuza, iyi ndi njira yanzeru, chifukwa amasintha chimodzi n'kusiya chinacho.

Manambala osokoneza aja

Vincent Bach anabadwira ku Austria mu 1890, anaphunzira uinjiniya, ndipo anafika ku America mu 1914 ngati katswiri woliza lipenga. Mbiri ya kampani yake imati mmisiri wina anamuonongera mouthpiece yake poyesa kuikonza, ndipo kusowa ina yabwino kunamuchititsa kuyamba kusula zake. Anatsegula ntchitoyi ku New York mu 1918. Manambala amene anakhazikitsa ndi amene mpaka lero anthu amayerekezera nawo mouthpiece za makampani ena.

Kwa Bach, nambala ikamakwera bwalo limachepa: 1 ndi yaikulu, 3 yocheperapo, 7 yapakati, 10½ yaing'ono. Chilembo chimanena kuzama kwa kapu: A ndi yakuya, C yapakati, E ndi F zosazama. Malinga ndi miyeso ya kampaniyo, 1½C ili ndi bwalo la mamilimita 17, 3C la 16.3, 7C la 16.2, ndipo 10½C la 15.9. Onani mmene kusiyanaku kulili kochepa papepala, pamlomo n'kwakukulu. 7C ndi ija imapezeka m'bokosi la pafupifupi lipenga lililonse la wophunzira, ndipo ambiri amene anayambira m'bandi ya sukulu, ya tchalitchi kapena ya asilikali anayambira pa imeneyi.

Renold Schilke, amene analizapo mu Chicago Symphony Orchestra, anayambitsa kampani yake ku Chicago mu 1956, ndipo manambala ake amayenda mobwerera: nambala ikamakwera bwalo limakula, ndipo A ndiye kapu yosazama. Choncho A wa Bach ndi A wa Schilke ndi zinthu zotsutsana, ndipo anthu ambiri agulapo chimene sankafuna chifukwa cha chilembo chimodzichi. Tengani 14A4a, imene mwina ndi mouthpiece ya lead yodziwika kuposa zonse. 14 ndi kukula kwa bwalo, A ndi kapu yosazama, 4 ndi mkombero wofulatirako, ndipo a wamng'onoyo ndi backbore yothina. Alipo achibale ake ocheperapo, 13A4a ndi 6A4a. Yamaha imatsata kawerengedwe kofanana ndi ka Schilke.

Musadalire mamilimita poyerekeza makampani awiri. Mkombero ndi wobulungira, ulibe ngodya yeniyeni poyambira kuyeza, motero kampani iliyonse imayezera pamalo pake. Papepala 14A4a imaoneka yaikulu ngati 1½C, koma ambiri akaiika pamlomo amaimva yoyandikira 3C.

Akatswiri sanagwirizane chimodzi

Cat Anderson, amene anakulira kunyumba ya ana amasiye ya Jenkins ku Charleston ndipo analowa bandi ya Duke Ellington mu 1944, ankaliza mouthpiece yaing'ono ndi yosazama kwambiri. Koma chimene ophunzira amamukumbukira nacho mpaka lero ndi kayeseleredwe kake: kugwira G wapakati motsitsa kwambiri, ngati kunong'ona, kwa mphindi 20, akupuma mpweya pamene pafunika. Munthu amene ankakwera kuposa anzake onse ankamanga mphamvu zake pa noti yosavuta yolizidwa mwakachetechete.

Maynard Ferguson, wa ku Montreal, amene anatchuka m'bandi ya Stan Kenton kuyambira 1950, ankakonda kapu yonga V, ndipo mphamvu yake yaikulu ankati ili pa kapumidwe. Bill Chase, lead wa Woody Herman amene pambuyo pake anayambitsa gulu lake lotchedwa Chase, dzina lake limayendera limodzi ndi 6A4a ya Schilke. Bobby Shew anagwirizana ndi Yamaha kupanga mouthpiece ziwiri za dzina lake, imodzi yotchedwa Lead, ina Jazz, ndipo zimenezi zokha zikutiuza kanthu: iye anaona kuti kutsogolera gulu ndi kuliza solo ndi ntchito ziwiri zofuna zida ziwiri.

Ndiye pali Arturo Sandoval wa ku Cuba, amene amafika manotsi odabwitsa pa mouthpiece ya kukula kwa 3C, yonga imene oliza nyimbo za okestra amagwiritsa ntchito. Mbali inayi kuli Miles Davis, amene anakhala moyo wake wonse ndi mouthpiece ya mtundu wa Heim, ya kapu yakuya yonga fanelo. Iye sankasaka denga la lipenga. Ankasaka mawu ofunda a pakati, ndipo anawapeza. Nayenso Hugh Masekela wa ku South Africa anakonda kwambiri flugelhorn, chida chimene mouthpiece yake ndi yakuya kuposa ya lipenga, ndipo palibe amene anganene kuti jazi yake inaperewera.

Ndikutchula awiri omalizawa chifukwa achinyamata ambiri amasaka mouthpiece ya lead pamene ntchito imene amagwira si ya lead. Ngati mumaliza m'kagulu ka anthu asanu, lipenga limodzi ndi sakisofoni imodzi, ndipo nthawi zambiri muli pa maikolofoni mukuliza solo, kapu yosazama kwambiri ikulandani kukoma kwa mawu popanda kukubwezerani kanthu. Yambani mwadzifunsa kuti mpando wanu m'bandi ndi uti.

Kukanikiza, mdani wa milomo

Pali njira yachidule yofikira noti yapamwamba imene wophunzira aliyense amaitulukira yekha: kukokera lipenga kumaso ndi dzanja lamanzere, chala chaching'ono chakumanja chitakola m'kangowe ka pa lipenga. Milomo ikapanikizika pakati pa chitsulo ndi mano, noti imatulukadi. Koma magazi sayenda bwino, mlomo umatupa, ndipo pakatha mphindi zochepa pamafunika kukanikiza kowonjezera kuti noti yomwe ija itulukenso.

Louis Armstrong, amene anatsegulira dziko lonse maso kuti lipenga la jazi likhoza kukwera chotere, analipira mtengo umenewu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ankamaliza nyimbo ndi ma C apamwamba ambirimbiri otsatizana usiku ndi usiku, mpaka mlomo wake unang'ambika, ndipo ali ku Ulaya mu 1934 anakakamizika kupumula kwa miyezi. Mpaka lero madokotala amatcha kung'ambika kwa mnofu wozungulira milomo ndi dzina lake lina lakuti Satchmo. Freddie Hubbard, mmodzi mwa oliza amphamvu kwambiri amene jazi inakhalapo nawo, anang'ambika mlomo wam'mwamba mu 1992, bala linalowa matenda, ndipo sanabwererenso pa mphamvu zake zakale mpaka imfa yake mu 2008.

Nkhaniyi ikukhudza kasankhidwe ka mouthpiece mwachindunji. Mkombero wotambalala ndi wofewa umabisa ululu wa kukanikiza, choncho munthu amapitiriza chizolowezi choipacho osamva chenjezo. Mukaona mphete yozama yofiira pamlomo imene ikuchedwa kufufutika, mano akutsogolo akuwawa, kapena mkati mwa mlomo mwachekeka, vuto si chitsulo. Pumulani, ndipo mufune mphunzitsi akuoneni mukuliza. Kukanikiza pang'ono n'kosapeweka, kuti mpweya usatulukire m'mbali. Chimene tikukana ndi kukwera ndi mkono m'malo mokwera ndi mpweya.

Kayesedwe kake

Pitani ndi lipenga lanu lomwe, osati lobwereka. Tenthetsani milomo pa mouthpiece yanu yakale monga mwa masiku onse, kuti mukhale ndi poyerekezera.

Mukaika yatsopanoyo musathamangire kumwamba. Aliyense amachita zimenezi, ndipo n'zimene zimanamiza. Yambani ndi G wapakati, motsitsa. Tsikani mpaka C wapansi ndi F-sharp wapansi penipeni, mumve ngati akulankhula. Menyani manotsi afupiafupi ndi lilime muone ngati akuyamba mwaukhondo. Lizani C wapansi, wapakati ndi wapamwamba muli ndi tuner, kachida koyezera manotsi, muone ngati atatuwo akugwirizana. Ngati wapamwambayo akutsika kwambiri ndipo mukuchita kumukankha ndi milomo, mouthpiece imeneyo idzakutopetsani pa siteji. Mukatero ndiye tengani gawo lenileni la nyimbo imene bandi yanu imaimba, lija limakuvutani kumapeto kwa pulogalamu, mulilize kangapo.

Makutu a woliza ali kuseri kwa lipenga, ndipo zimene amamva si zimene anthu amamva. Imikani mnzanu wa makutu abwino kumapeto kwa chipinda chachikulu, kapena ikani foni patali ijambule. Ngati n'kotheka, mnzanuyo azikupatsirani mouthpiece inu mutatsinzina, kuti dzina lolembedwa pachitsulo lisakusankhireni.

Dziwaninso kuti mouthpiece yatsopano imakonda kukoma masiku oyamba. Milomo imakhala ikugwirabe ntchito mwa chizolowezi chakale pa chida chatsopano, ndipo zonse zimaoneka zopepuka. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri zinthu zimatha kubwerera m'mbuyo, mpaka kuipa kuposa kale, minofu ikamafuna pokhala patsopano. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kukagula ina, kenako inanso, mpaka kabati kudzaza koma milomo osakhazikika pena paliponse. Ipatseni milungu ingapo ya kuliza tsiku ndi tsiku musanaiweruze. Ndipo musayese chida chatsopano pa tsiku la konsati.

Chizindikiro chakuti mwapeza yoyenera si noti yatsopano pamwamba. Ndi ichi: nyimbo yomaliza ya usiku ikumveka ngati yoyamba, ndipo m'mawa mwake milomo ikudzuka yosatupa.

Imodzi kapena ziwiri?

Aphunzitsi ena amati munthu akhale ndi mouthpiece imodzi pa chilichonse. Ena amati kusintha malinga ndi ntchito kulibe vuto. Kwa amene wangoliza zaka ziwiri kapena zitatu, ine ndili kumbali ya oyambawo: khalani pa kapu yapakati monga 7C, 5C kapena 3C mpaka C wapamwamba azituluka mosakakamiza tsiku lililonse. Kapu yosazama ikabwera msanga imaphimba zofooka zimene zikanayenera kukonzedwa. Kwa amene wakhwima ndipo Loweruka amaliza lead, Lamulungu nyimbo zofatsa, ziwiri zili bwino, makamaka ngati mikombero yake ili yofanana. Azingoonetsetsa kuti zonse ziwiri akuziyeserera mkati mwa sabata.

Zing'onozing'ono zoti muone musanapereke ndalama

Mwendo wa mouthpiece ukalowa m'lipenga sufika pogundana ndi paipi yamkati. Pamatsala kampata, kawirikawiri ka mamilimita atatu kapena kuyandikira apo. Kampata aka kakakula kapena kuchepa kwambiri, manotsi amaterera kapena kuuma, ndipo munthu amaimba mlandu kapu yosalakwa. Bob Reeves wa ku California anadziwika ndi mouthpiece za miyendo yosinthika pofuna kukonza vuto lomweli. Njira yosavuta yoyesera ndi kukulunga kapepala kopyapyala kumwendo kuti usalowe kwambiri; ngati lipenga layamba kulankhula bwino, ndiye kuti nkhani ili pa kampata.

Amene anachokera m'bandi za mkuwa, monga za Salvation Army, asamale: mouthpiece ya cornet ndi ya lipenga zimatha kukhala ndi nambala imodzi, koma miyendo yake ndi yosiyana. Ya cornet ndi yaifupi ndi yoonda, ndipo m'lipenga imagwedera. Ya flugelhorn nayonso ndi ina.

Ambiri a ife tilibe sitolo pafupi pamene tingayese mouthpiece khumi n'kusankhapo imodzi. Timaitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg kapena ku London. Choncho musanatume, bwerekani za anzanu m'bandi, muzitsuke bwino ndi sopo ndi madzi ofunda, muyese, kuti mudziwe mbali imene milomo yanu ikulowera. Polemba uthenga lembani dzina la kampani, nambala yonse ndi zilembo zake monga zilili, zazikulu ndi zazing'ono, ndi mawu akuti ndi ya lipenga. Chenjeraninso ndi zotchipa kwambiri zolembedwa nambala yodziwika koma zopanda dzina la wopanga, chifukwa miyeso yake imangokhala yongoganizira.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, yendetsani chala pamkombero. Pakakhala pokumbika kapena pokanda, isiyeni. Yang'anani kumapeto kwa mwendo ngati kuli kobulungira bwino, poti mouthpiece ikagwa pansi ndi pamene pamaphwanyika. Onaninso siliva wokutira: akasupuka mpaka mkuwa wachikasu kuonekera pamene pamagona milomo, mkuwawo umatha kuyabwitsa ndi kutulutsa zilonda. Zokutidwa ndi golide zimaterera pang'ono pamlomo ndipo ena amazikonda, koma sizikweza noti ndi pang'ono pomwe.

Ndipo musalole munthu aliyense, ngakhale mmisiri waluso pa zitsulo zina, kukuboolerani khosi kapena kupala kapu ndi zida za m'galaja. Chitsulo chikachoka sichibwerera, ndipo kusiyana kwa khosi la 27 ndi la 26 sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita.